Kusankha ndi kuvala mahedifoni a waya olowa m'khutu kuti nyimbo zimveke bwino

Mahedifoni amene ndikunena pano ndi aja olowa m'kati mwa bowo la khutu, okhala ndi kamphira kumapeto, osati aja a pulasitiki yokhayokha ongokolekera pakhomo pa khutu. Pabokosi lake kawirikawiri pamalembedwa kuti in-ear monitor kapena IEM. Anayambira kwa oimba a pasiteji, amene amafuna kudzimva okha pakati pa phokoso la masipika ndi la anthu, koma lero ali mbwee pamatebulo a ogulitsa zida za foni ku Ulongwe, ku Zóbuè, ku Moatize ndi mumzinda wa Tete. Ena ndi abwinodi, ena n'chikomekome cha mkuyu.

Gwiritsitsani mfundo iyi musanapite patali: kamvekedwe ka mahedifoni amenewa kagona pa kamphira kaja, ngati katseka khutu lanu kapena ayi. Mtengo ndi dzina zimabwera pambuyo. Hedifoni yodula imene sinatseke khutu imagonja kwa yotchipa imene yatseka bwino, ndipo anthu ambiri amene amati anagula zabodza vuto lawo limakhala kamphira kosayenera khutu lawo.

Yambani ndi foni yanu

Musanatuluke pakhomo, tembenuzani foni muone ngati ili ndi kabowo kozungulira ka mamilimita 3.5. Mafoni ambiri a Tecno, itel ndi Infinix amene ali m'matumba mwathu akadali nako. Apple inakachotsa kuyambira pa iPhone 7 mu 2016, ndipo mafoni odula a Samsung nawonso anatsata. Ngati yanu ilibe, mufunika kawaya kakafupi kolumikizira, mbali ina USB-C kapena Lightning, mbali ina kabowo ka hedifoni. Timawaya ta USB-C timeneti tili mitundu iwiri ngakhale timaoneka chimodzimodzi. Tina tili ndi kachipu m'kati kotchedwa DAC, kamene kamasandutsa nyimbo ya mufoni kukhala mawu, pomwe tina ndi waya chabe. Mafoni ambiri amalola kokhala ndi kachipu kokha, ndiye musagule musanalumikize pafoni yanu pomwepo n'kumva kakulira.

Amene mumamvera wailesi pafoni, kaya ndi Rádio Moçambique kaya ndi mawailesi a ku Malawi amene amamveka kuno kumalire, kumbukirani kuti pamafoni ambiri waya wa hedifoni ndiye eriyo ya FM. Apa mahedifoni a Bluetooth sangakuthandizeni. Ichi n'chifukwa chimodzi chimene waya sunathe ntchito. China n'chakuti sufuna kutchajidwa, ndipo amene amakhala kutali ndi magetsi amadziwa kuwawa kwa kulipirira tchaji ya foni kenako n'kulipiriranso ya mahedifoni.

Onaninso pulagi ya hedifoni. Ikakhala ndi mizere iwiri, ilibe maikolofoni. Ikakhala ndi mizere itatu, ili nayo, mutha kuyankhira foni. Mukalumikiza n'kumva zida zokha zikulira, woimba akumveka kutali kapena osamveka n'komwe, kawirikawiri pulagi sinalowe mpaka kumapeto. Chikava cha foni chimaitsekereza, kapena mukabowo mwadzaza ulusi wa m'thumba ndi fumbi. Zimitsani foni, mutokosemo pang'onopang'ono ndi kamtengo kotokosera mano, osati singano.

Konzani nyimbo zoyesera

Musayesere hedifoni nyimbo ya mufoni ya wogulitsa. Iye amasankha yogunda kwambiri n'kukweza voliyumu, inu n'kugwedeza mutu. Tengani nyimbo zanu zimene mukuzidziwa mpaka pamene woimba amapumira. Imodzi ikhale ya ng'oma zenizeni, monga za gule wamkulu, ina ya kwaya ya mawu anayi, ina ya besi yolemera ngati amapiano, ndipo muonjezere chojambulidwa cha munthu akungolankhula, ulaliki kapena nkhani.

Nyimbozo zikhale zojambulidwa bwino. Zambiri zimene timaikitsa pamemori khadi m'mabenchi zinafinyidwa kuti zilowe zochuluka, ndipo hedifoni yabwino imaulula zimenezo: mbale za ng'oma zimamveka ngati zikusefukira m'madzi, inu n'kumaimba mlandu hedifoni. Kudziwa kwake n'kosavuta. Tsegulani pamene pamaonetsa kukula kwa fayilo. Nyimbo ya MP3 ya mphindi 4 ikakhala pa 128 kbps imakula pafupifupi 3.8 MB, ikakhala pa 320 kbps imafika 9.6 MB. Mukaona ya mphindi 4 ili pa 2 MB kapena kucheperapo, musaiyesere chilichonse.

Kenako lowani m'masetingi a mawu muzimitse equalizer, pokwezera kapena kutsitsira besi ndi mawu okwera, ndi zonse zokometsera monga DTS kapena Dolby. Onetsetsaninso kuti mono, imene imatumiza mawu amodzimodzi m'makutu onse awiri, sinatsegulidwe. Mufuna kumva hedifoni, osati zimene foni yapakapo.

Zimene zalembedwa pabokosi

Zambiri n'zokopa chabe. Pafupifupi bokosi lililonse limalemba 20 Hz mpaka 20 kHz, koma amenewo ndi malire a kumva kwa khutu la munthu wachinyamata, sakuuzani kanthu za kukoma kwa mawu. Mawu oti super bass nawonso alekeni apite.

Manambala awiri okha ndiwo ali ndi ntchito. Yoyamba ndi ma ohm, muyeso wa mmene hedifoni imakanira magetsi: pakati pa 16 ndi 32 foni iliyonse imakwanitsa. Yachiwiri ndi sensitivity, yosonyeza mmene hedifoni imalirira ikapatsidwa mphamvu yochepa, yolembedwa mu dB, muyeso wa kukula kwa mawu. Ikakhala cha m'ma 100 kapena kupitirira, hedifoniyo imalira mokwanira popanda ampulifaya. Yokwera kwambiri ili ndi vuto lake, imatola kaphokoso ka "sssss" pafoni kapena pakompyuta yosalongosoka, makamaka nyimbo ikakhala chete.

M'kati mwa kachigoba kalikonse muli kasipika. Mtundu wofala ndi dynamic driver, kanembanemba kozungulira kokankhidwa ndi maginito, nthawi zambiri ka mamilimita 10 kapena pafupi pamenepo. Kamakankha mpweya wambiri, n'chifukwa chake ng'oma imamveka ndi thupi. Mtundu wina ndi balanced armature, kachitsulo kakang'ono kamene kanatchuka m'zida zothandizira kumva; kamatulutsa bwino mawu ang'onoang'ono okwera koma besi yake imakhala youma. Ena amaphatikiza mitundu iwiriyi n'kulemba 1DD+1BA kapena 1DD+4BA, kutanthauza ka dynamic kamodzi ndi ka armature kamodzi kapena tinayi. Musatengeke ndi kuchuluka. Kasipika kamodzi kokonzedwa bwino kamaposa tisanu tosagwirizana, ndipo pa ndalama zochepa ine ndimakhulupirira kwambiri ka dynamic kamodzi. Makampani a ku China monga Moondrop, 7Hz, Tangzu ndi KZ ndiwo anatsitsa mitengo ya mahedifoni otere, pomwe Shure ndi Sennheiser ndi akale pantchitoyi ndipo ndi odulirapo. Kuno kwathu mupeza kwambiri Oraimo ndi ena opanda dzina lodziwika. Dzina lililonse lotchuka lili ndi okopera ake, ndiye dzina lisakulepheretseni kuyesa.

Zinthu ziwiri zofunika kuposa manambala onsewa: m'bokosi mukhale timphira ta masaizi atatu, S, M ndi L, ndipo ngati thumba likulola, waya ukhale wochotseka. Hedifoni imafera kuwaya, pafupi ndi pulagi kapena pamene waya wagawikana. Ukakhala wochotseka mumangogula waya wina. Zolumikizira zake zofala ndi ziwiri, ya timapini tiwiri ta 0.78 mm ndi yozungulira yotchedwa MMCX, ndipo sizilowana, choncho dziwani yanu. Ena a KZ amagwiritsa ntchito timapini ta 0.75 mm tokhala ndi kachivundikiro, ndiye pokagula waya tengani hedifoniyo.

Pabenchi lankhulani poyera ndalama isanachoke m'manja. "Achimwene, ndilipira, koma titsegule pompano ndiyese mbali zonse ziwiri, ikapezeka mbali ina ndi yofooka mundisinthire." Wogulitsa wokhulupirira katundu wake savuta. Ngati akukupatsani yoyesera imene yadutsa m'makutu a anthu ena, pukutani kamphirako ndi sipiriti, kapena bwerani ndi timphira tanu.

Kamphira ndi kavalidwe

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo musafulumire.

Besi ndi mpweya wokankhidwa. Kasipika kakang'ono ngati kameneka kamatha kugwedeza mpweya wotsekeredwa m'kati mwa khutu, koma pakakhala kampata ngakhale kochepa, mpweya umathawira kunja ndipo besi imapita nawo. Chotsala ndi mawu opyapyala olasa. Munthu akamva choncho amakweza voliyumu kufuna kubweza besi, besi osabwera, khutu n'kumapweteka.

Yambani ndi kamphira ka M, kamene kamabwera katavekedwa kale. Onani chilembo L ndi R. Pamahedifoni ambiri chizindikiro chofiira ndi cha kumanja. Povala kumanja, dutsitsani dzanja lamanzere pamwamba pa mutu, mugwire nsonga ya khutu n'kulikokera m'mwamba ndi kumbuyo pang'ono. Bowo la khutu si lowongoka, ndipo kukoka kotere kumaliwongola. Lowetsani hedifoni mukuipotoza pang'ono, kenako siyani khutu libwerere pamalo pake ligwire kamphira. Kutsegula pakamwa pang'ono polowetsa kumathandizanso. Osakankha ndi mphamvu.

Tsopano, nyimbo isanayambe, yesani ngati latseka. Tsekani pakamwa muimbe "mmmm". Mawu anu akamveka aakulu m'kati mwa mutu, latseka. Khudzitsani zala ziwiri pafupi ndi khutu muzipekese. Mukamva kupekesako bwinobwino ngati simunavale kanthu, pali mpata. Kokani hedifoni pang'ono kwambiri: yotseka imakanirira, yosatseka imangosololoka. Pomaliza tafunani ngati mukudya chimanga chokazinga, muyasamule, mugwedeze mutu. Nsagwada zikamayenda bowo la khutu limasintha, ndipo kamphira kena kamatseka mukakhala duu koma kumasuka mukangolankhula.

Ngati M sikutseka, pitani pa L. Anthu ambiri amalakwira mbali imeneyi, amavala kakang'ono poganiza kuti n'kamene sikapweteka, n'kumakakankhira m'kati kuti kasagwe. Ngati M ikukuthinani, ikutuluka yokha pang'onopang'ono, kapena ikukwinyika polowa, tsikirani pa S. Yesani onse atatu ngakhale woyamba akuoneka kuti wakwana, nyimbo yomweyo, malo omwewo. Mudzadabwa kumva ng'oma yaikulu ikutulukira pamene panalibe.

Makutu a munthu mmodzi safanana. Si zachilendo kuvala M kumanja ndi L kumanzere. Mukamva woimba wapendekera mbali imodzi, kapena besi ikulemera khutu limodzi, sinthani kamphira ka mbali yofookayo musanaweruze kuti hedifoni ndi yolumala.

Timphira tili mitundu. Ta silikoni ndi tofala, timachapika ndipo timakhalitsa. Ta siponji timatseka phokoso la kunja kuposa ta silikoni ndipo timafewetsa mawu olasa: mumakafinya ndi zala kakhale kowonda, n'kulowetsa msanga, n'kugwirizira kanthawi kuti kafufume m'kati. Koma siponji imamwa thukuta ndi phula la m'khutu. Ku Angónia ndi ku Tsangano kozizira itha kupirira, koma mumzinda wa Tete mwezi wa October kapena November, kutentha kukamapitirira madigiri 40, imanyowa, imanunkha, n'kuyamba kunyenyeka pakangopita miyezi yochepa. Kumeneko ine ndingasankhe silikoni. Palinso ta mphete ziwiri kapena zitatu tolowa m'kati kwambiri, totseka zedi, koma si aliyense amene amatipirira.

Pogula timphira tapadera tengani hedifoni, chifukwa timilomo tovekapo timasiyana kunenepa. Kamphira kolowa mokhwepa n'koopsa, kamatsalira m'khutu povula. Zikatero musatokose ndi kamtengo ka machesi kapena chipini, mungokakankhira m'kati. Ngati kakuoneka, munthu wina akachotse mosamala ndi kopanira kakang'ono. Ngati kalowa, pitani kuchipatala. Kukula kwa kabowo ka kamphira kumasinthanso mawu pang'ono: kotambasuka kamatulutsa kwambiri mawu okwera, kopapatiza kamawabweza. Ndi njira yotchipa yowetera hedifoni yolasa.

Povula, potozani pang'ono kaye mpweya ulowe, kenako tulutsani. Kuzula mwadzidzidzi kumakoka nembanemba ya m'khutu.

Kumvetsera

Khutu likatseka, ikani voliyumu yapakatikati muyambe ndi ng'oma. Pa gule wamkulu ng'oma sizilira mofanana, ina ili pansi ikugunda, mbalule ili pamwamba ikulankhula ndi wovina. Hedifoni yabwino imakulolani kutsata iliyonse payokha, mpaka kumva chikhatho chikumenya chikopa. Yoipa imaziphatikiza zonse kukhala "buu buu" mmodzi. Besi yambiri si besi yabwino. Funso ndi lakuti, ng'oma ikagunda, mawu ake akutha msanga kuti ina imveke, kapena akukokeka n'kukwirira oimba?

Pitani pa kwaya. Apa mukuyesa mawu apakati, pamene pamakhala liwu la munthu, gitala ndi malimba. Tsatani alto ndi tenala, amene amasochera msanga. Mahedifoni ambiri otchipa anakonzedwa kuti akweze besi ndi mawu okwera n'kukumba pakati, chifukwa zoterezi zimakopa m'mphindi yoyamba pabenchi. Kwa wokonda nyimbo zovina si tchimo. Koma ngati mumaphunzirira nyimbo za kwaya pafoni, kapena mumamvera kwambiri maulaliki ndi nkhani, hedifoni yotere idzakutopetsani, woimba amakhala ngati waima kuseri kwa zida.

Chojambulidwa cha wolankhula chija chikuuzani za mawu okwera. Chinyanja chili ndi "s", "ts" ndi "ps" wambiri. Mvetserani akamati "tsiku", "masika", "kupsa". Zikamalasa mpaka kutsinzinitsa diso, dziwani kuti pakatha ola limodzi mutu udzawawa. Zikamamveka ngati munthuyo wafunda bulangete kumutu, mawu okwera achepa, kapena kasefa ka pamlomo wa hedifoni katsekeka.

Mukamayerekeza mahedifoni awiri, linganizani voliyumu ndi khutu lanu, osati ndi mzere wa pafoni. Pamzere womwewo ina imalira kwambiri kuposa inzake, ndipo khutu limanyengeka, limati yofuula ndiyo yokoma. Tsitsaninso voliyumu pansi kwambiri mumve ngati mbali zonse ziwiri zikulira mofanana. Gwedezani waya pafupi ndi pulagi nyimbo ikulira. Kukamveka kuthetheka, isiyeni.

Equalizer mubwerere nayo kunyumba. Lamulo lake n'losavuta: tsitsani chimene chachuluka m'malo mokweza chimene chachepa. Kukweza zonse kumangong'amba mawu.

Kodi ikhalamo maola angati?

Hedifoni imene ikupweteka siivalidwa, ngakhale ikome bwanji. Pabenchi simungadziwe zonse, koma valani mphindi zingapo mukucheza ndi wogulitsa, ndipo kunyumba ivaleni theka la ola osaichotsa. Kenako funsani kuti pakuwawa ndi pati. Kukawawa m'kati mwa bowo, kamphira kakula kapena mwalowetsa kwambiri. Kukawawa kunja, pa chichereŵechereŵe cha khutu, ndi chigoba chimene chakula kapena chili ndi kona yokanda, ndipo pamenepo kamphira sikangathandize. Amakutu ang'onoang'ono, amayi ambiri ndi achinyamata, asankhe tizigoba tating'ono kapena tija towongoka ngati chipolopolo, asiye zazikulu za masipika ambiri.

Zigoba zachitsulo n'zolimba ndipo zimaoneka bwino, koma n'zolemera, ndipo m'mawa wa June ku Ulongwe zimazizira m'khutu. Choipa kwambiri n'chakuti chitsulo chozizira chikakumana ndi kutentha kwa khutu chimachita mame m'kati, kasefa n'kunyowa, mbali imodzi n'kutsika mawu. Zikatero musataye, ingoisiyani pouma usiku wonse. Za pulasitiki n'zopepuka ndipo vuto limeneli silichitika kawirikawiri.

Ena amamva khutu kuthina ngati mmene limachitira chapa, minibasi yonyamula anthu, ikamatsika mapiri kuchokera ku Zóbuè kulowera ku Moatize. Ndi mpweya wopanikizika. Mahedifoni ambiri a dynamic ali ndi kabowo kakang'ono kopumira pachigoba. Onani kuti sikanatsekeke ndi litsiro. Kulowetsa pang'onopang'ono, mutakoka khutu, kumachepetsa vutoli. Kumva kutafuna kwanu ndi mapazi anu poyenda si vuto la hedifoni, ndi mmene khutu lotsekedwa limachitira, ndipo munthu amazolowera.

Waya nawo uli ndi phokoso lake. Ukamakhuza malaya, kukhuzako kumakwera mpaka m'khutu. Mahedifoni ambiri a IEM anapangidwa kuti waya uzikwera m'mwamba n'kuzungulira kuseri kwa khutu, ndipo kavalidwe kameneka kamapha phokosolo komanso kamanyamula kulemera. Ngakhale aja olendewera pansi, ambiri mutha kuwatembenuza n'kudutsitsa waya kuseri kwa khutu. Ovala magalasi, valani hedifoni kaye, magalasi pamwamba. Kokani kamphete ka pawaya kafike pansi pa chibwano, ndipo waya wotsala udutse m'kati mwa malaya kuti usakodwe pokwera chapa.

Zogona nazo sindilimbikitsa. Pilo amakankhira hedifoni m'kati, khutu limakhala lotsekedwa usiku wonse likuchita chinyezi, ndipo waya umathyokera pomwepo. Khutu likamayabwa, kutuluka madzi kapena mafinya, lekani kuvala mpaka achipatala aone.

Voliyumu

Phindu lalikulu la khutu lotsekedwa bwino ndi ili: phokoso la kunja likachepa, simufunikanso kukweza. M'chapa, injini ikulira, wailesi ya adalaivala ili pamwamba, munthu wovala mahedifoni osatseka amakweza mpaka kumapeto kuti apose phokosolo. Inu mutha kumva zonse pa theka.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu atha kumvera mawu a 80 dB kwa maola 40 pasabata popanda kuwononga makutu, ndipo kwa ana muyeso ndi 75 dB. Mawu akafika 90 dB, nthawiyo imatsika kufika maola 4 okha pasabata. Bungwe lomweli limati achinyamata oposa 1 biliyoni ali pachiopsezo cha kuwonongeka makutu chifukwa cha kamveredwe kosasamala, ndipo limalangiza kusapitirira 60 peresenti ya voliyumu ya foni. Pa mahedifoni a IEM, amene amalira kwambiri ndi mphamvu yochepa, ngakhale 60 peresentiyo nthawi zina imakhala yochuluka.

M'kati mwenimweni mwa khutu muli timaselo tokhala ngati tsitsi timene timatola mawu. Tikafa sitimeranso. Chenjezo lake ndi khutu kulira kuti "ziii" mukavula, kapena mawu a anthu kumveka ngati ali kutali. Popeza palibe amene amayenda ndi choyezera ma dB, chitani chonchi: ikani voliyumu muli pamalo a phee, pamene nyimbo ikumveka bwino, ndipo mukalowa m'phokoso musaikweze. Chizolowezi china chabwino n'kutsitsa voliyumu mpaka pansi musanalumikize, chifukwa vidiyo ya pa WhatsApp kapena Facebook imatha kubwera yofuula kuposa nyimbo imene munasiyira. Foni ikakuchenjezani kuti mwakweza kwambiri, sikuti yawonongeka. Mafoni ambiri alinso ndi poikira malire a voliyumu m'masetingi, zothandiza kwambiri ngati foni imagwiridwanso ndi ana. Pakatha ola lililonse, vulani makutu apume.

Kutseka komweku kuli ndi ngozi yake pamsewu. Musavale mbali zonse ziwiri mukupalasa njinga, mukuyendetsa njinga yamoto ya kabaza, kapena mukuyenda m'mbali mwa msewu wa Tete kupita ku Zóbuè umene mathiraki amadutsa usana ndi usiku. Chimodzimodzi pafupi ndi njanji ya sitima za malasha ku Moatize. Hutala simuimva.

Kusamala

Fumbi la chilimwe, thukuta ndi phula la m'khutu ndiwo adani. Kamodzi pasabata vulani timphira ta silikoni, mutichape ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono, tiume kotheratu musanativekenso. Ta siponji ingotipukutani ndi kansalu konyowa. Hedifoni yeniyeniyo isakhudze madzi. Igwireni mlomo utaloza pansi, mutsuke kasefa ndi mswachi wakale wouma kuti zinyalala zigwere pansi, osati m'kati. Singano imaboola kasefa.

Pukutani waya mukavula, makamaka mbali yodutsa kuseri kwa khutu. Thukuta limaumitsa pulasitiki, ndipo waya woonekera m'kati umasanduka wobiriwira. Kubiriwirako n'konyansa m'maso koma kawirikawiri mawu sasintha. Musakulunge waya pafoni pulagi ili m'kati, ndi mmene umathyokera pakhosi. Uzungulizeni momasuka pa zala zitatu kapena zinayi, muuike m'kachikwama kapena m'kachitini, ndipo muponyemo kapaketi ka timibulu toyamwa chinyezi kamene kamabwera m'bokosi la nsapato kapena la foni. Pozula gwirani pulagi, osati waya. Pulagi yopindika ngati L imapirira m'thumba la buluku kuposa yowongoka. Osasiya mahedifoni padzuwa kapena padashibodi ya galimoto, guluu wake amasungunuka.

Mukamamvera foni ili patchaji n'kumva kulira kwa "zzzz", vuto ndi tchaja, osati hedifoni. Zulani tchaja muone ngati sikusiya.

Mbali imodzi ikafooka kapena kufa, tsatani ndondomeko iyi musanagule ina. Yesani pafoni ina, kuti mudziwe ngati vuto si kabowo ka foni yanu. Onani m'masetingi ngati balansi sinasunthire mbali imodzi. Vulani kamphira muyang'ane kasefa padzuwa: mawu akangochepa osati kuferatu, kawirikawiri ndi phula kapena chinyezi, ndipo mswachi ndi usiku umodzi pouma zimakonza. Ngati mawu akubwera n'kumachoka mukagwedeza waya, ndi waya. Pa hedifoni ya waya wochotseka, zulani zigoba zonse ziwiri molunjika, osapotoza timapini, muzisinthanitse mbali. Vuto likatsalira mbali yomweyo ya waya, gulani waya wina. Likasamuka ndi chigoba, ndi kasefa kapena kasipika. Ngati waya ndi wosachotseka ndipo wathyokera papulagi, okonza mafoni amatha kudula n'kuwotcherera pulagi yatsopano; auzeni ngati ndi ya mizere iwiri kapena itatu, ndipo muyese maikolofoni poimbira munthu musanachoke pabenchipo.